Sutikesi ya a Gama

Mayi Janeti anagogoda chipupa ndi chala n'kutchera khutu ngati akusankha mavwende pamsika. Chipupacho chinalira ngati ndowa yopanda madzi. Mayiwo anayang'ana amuna awo, aphunzitsi amene anali atangosamutsidwira kusukulu ina ya ku Manjawira, ndipo aphunzitsiwo anayang'ana kudenga.

"Ndiye munthu ukatsokomola kuchipinda, alendo pabalaza amati pepani?" anafunsa mayi Janeti.

"Mafelemu ake ndi achitsulo, mayi," anayankha a Fyson Gama, eni nyumba. "Chiswe chimangonunkhiza n'kubwerera. M'kati mwa zipupamo muli thonje loletsa kutentha."

"Loletsa kutentha!" Mayiwo anadzikupiza ndi nsonga ya chitenje. Unali mwezi wa Okutobala, 2013, ndipo mphepo yochokera kuchigwa cha Bwanje inkalowa pawindo ngati mpweya wa m'ng'anjo. "Thonje limenelo linapuma pantchito kalekale."

Aphunzitsi anayesa kukonza mawu a akazi awo. "Nyumbayi ndi yosamalika, bambo. Ikanakhala ya njerwa tikanakhala pansi. Nanga malowa ali pamtengo womwewo?"

"Malo si anga. Ine ndikugulitsa nyumba. Mumasula mabawuti, munyamula, mukaimika kumene mtima wanu ukufuna."

"Ife timafuna pokhala, bambo," anatero mayi Janeti ali kale pakhomo. "Katundu woti tinyamule tili naye wambiri."

A Fyson anawaperekeza mpaka pamtengo wa mthethe, pamene panali chikwangwani cholembedwa kuti NYUMBA IKUGULITSIDWA. Anachikhoma mu Ogasiti, ndipo utoto wake unali utayamba kusuluka. Aphunzitsiwo sanali oyamba kubwera, kugogoda chipupa, n'kubwerera.

A Fyson anali mkamwini. Kwawo kunali kumtunda, kuseri kwa Lizulu, koma anakwatira kuno mu 1977 ndipo anadzakhala kwawo kwa mkazi monga amachitira amuna ambiri. Akazi awo, a Edna, amene iwo ankawaitana ndi chiwongo chawo kuti Nangozo, anamwalira mu Febuluwale. Mu Ogasiti abale a malemu anachita mwambo wosudzula. Anawathokoza a Fyson chifukwa chosunga bwino mlongo wawo, n'kuwauza kuti tsopano ndi omasuka. Palibe amene anatchula zochoka, pakuti mawu otero satchulidwa. Koma pofika mu Seputembala, munda umene a Fyson analima zaka zonsezo unali utasosedwa ndi anthu ena, ndipo iwo anamva.

Nyumbayo anaigula mu 1997, pamene kampani ina yokonza msewu inamaliza ntchito n'kugulitsa nyumba za pamsasa pake. A Fyson anali atagwira ntchito mumgodi ku Joni kuyambira 1978 mpaka 1988, ndipo nyumba zotere anali ataziona kumeneko, zobwera pa lole zili zidutswazidutswa n'kulumikizidwa ndi mabawuti. Anagulitsa ngolo ndi ng'ombe zawo zomwe. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera pamene zipupa zinkatsitsidwa, ndipo denga lisanakwere nyumbayo inali ndi dzina kale. Anthu ankaitcha Sutikesi.

Dzinalo silinawakwiyitse, chifukwa linali loona. Akulu awo, a Julius, anamanga nyumba ya njerwa zootcha kuchikamwini ku Bwanje, yamalata, ya mawindo agalasi. Banja litatha mu 1984, a Julius anabwerera kwawo ndi njinga ndi bulangete basi. Anagona m'khitchini mwa mlongo wawo, a Dailes, mpaka tsiku la imfa yawo, zovala zonse zikununkha utsi. Pamaliro amenewo a Fyson analumbira chamumtima kuti sadzaika njerwa ngakhale imodzi panthaka ya eni. Nyumba yawo idzakhala yoti tsiku likafika amasule n'kunyamuka nayo. Chaka chilichonse mu Juni ankatenga sipanala yaikulu ndi chitini cha oilo wakuda, n'kuzungulira nyumba yonse akudzoza mabawuti.

Tsikulo linafikadi, koma linawapeza atakalamba, ndipo njira ya kumudzi kwawo inali ikadali yodutsa paulalo wamitengo pamene lole singaponde. Choncho anaganiza zogulitsa Sutikesi kuti akamange kanyumba ka zipinda ziwiri kwawo mvula isanagwe. Khitchini ya a Dailes inali ikadalipo, ndipo iwo sanafune kukagonamo.

Atabwerera kuchokera pamthethe paja anapeza alendo pakhonde. Mwana wawo wamwamuna, Lucky, amene ankapenta nyumba za anthu ku Balaka, anali atatsika minibasi. Pambali pake panakhala a Maynard Ngozo, mlongo wa malemu, amene ankayang'anira mbumba yonse ya pamudzipo. Chakumapeto kwa khonde Pauline, mwana wawo wamkazi, ankasenda mtedza. Pauline ankakhala kuseri, m'nyumba yaudzu, ndi ana ake atatu. Mwamuna wake anapita ku Joni mu 2009 ndipo foni yake inasiya kulira chaka chotsatira.

"Apitanso?" anafunsa Lucky.

"Apita."

"Ababa, vuto lanu mukugulitsa nyumba ngati mukugulitsa wailesi. Munthu wofuna pogona safuna kumva za mabawuti. Tiizungulize njerwa kunja konseku, tipake pulasitala, ine ndiipenta ndekha, pamwamba kirimu pansi bulauni. Mwezi sutha, aphunzitsi omwe aja abwera akuthamanga, mayi aja ali patsogolo."

"Mwanayu walankhula zanzeru, alamu," anatero a Maynard. "Ndipo za njerwa musavutike. Uvuni wanga uja wangokhala, udzu wayamba kumera pamwamba. Katengeni. Zaulere."

A Fyson anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira bondo. "Zaulere, a Ngozo? Inu amene munandigulitsa nsungwi za nkhokwe yosungira chimanga chodya mlongo wanu?"

"Ha, alamu, simuiwala! Nthawi imeneyo tinali anyamata. Lero tonse tili pachisoni chimodzi."

"Nanga ikavala njerwa, wogulayo adzainyamula bwanji?"

"Adzanyamuliranji? Adzakhala pompano."

"Pamalo a ndani?"

A Maynard anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake ngati muli yankho. "Za malo tidzakambirana monga banja."

A Fyson anali atakhala pamudzipo nthawi yokwanira kudziwa kutalika kwa mawu akuti tidzakambirana. Nyumba ikangovala njerwa ikhala ya nthaka, ndipo nthaka ndi ya a Ngozo. Tsiku la malonda likadzafika padzapezeka wachibale wina wokana kuti malo a makolo sagulitsa. Kenako padzapezeka nzeru yakuti aphunzitsi angochita lendi, ndipo lendiyo idzadziwa yokha thumba lolowa. Lucky sankaona zimenezi. Iye ankaona utoto.

"Ndiganize kaye," anatero a Fyson.

"Ganizani msanga, ababa. Mitambo yayamba kusonkhana kumadzulo."

Alendo atabalalika, Pauline anakutumula chitenje chake n'kusisita khonde ndi dzanja. Linali khonde ladothi, lozungulira nyumba yonse, lalitali kufika m'mawondo, losalala ngati mbale. Nyumba yachizungu yotere siinabwere ndi khonde. Analiumba ndi a Edna, ndipo ankalizira chaka ndi chaka dzinja lisanayambe.

"Layamba ming'alu, ababa. Chaka chino ndizire, kapena ndisiye?"

"Siya, Nagama. Nyumba ikupita."

Pauline ananyamula lichero lake n'kuzungulira kuseri. A Fyson anatsala akuyang'ana ming'aluyo. Anakumbukira mmene zaka zoyambirira ankakalipira akaona akazi awo atagwada ndi ndowa yadothi. "Nangozo, mukukwirira mabawuti anga!" Ndipo a Edna osadzutsa mutu ankayankha kuti, "Mphepo ikulowa pansi, a Gama. Mukufuna ana adwale chibayo?" Mkangano wake unali womwewo chaka chilichonse, mpaka unasanduka ngati moni.

Tsiku lamsika a Fyson anakwera njinga kupita ku Manjawira kukagula mchere. Pafupi ndi mashopu anapeza lole ikutsitsa matumba a kachewere, ndipo mwini wake, mwamuna wonenepa wovala jekete ngakhale kunja kunali kotentha, anawathamangira.

"Wawa, a Gama! Simundidziwa? Ndine Gibson, mwana wa a Lufina, amene munkapemphera nawo kumtunda musanakwatire."

"Gibson! Iwe ndinakusiya ukudya dothi. Jekete limeneli usavule, anthu akuno adziwe kuti kwathu kumazizira."

Anaseka, n'kufunsana za maliro ndi za mvula. Gibson ankabweretsa kachewere kuchokera ku Lizulu, pobwerera n'kutenga mpunga wa ku Bwanje. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndamva kuti Sutikesi ili pamalonda. N'zoona kuti imamasuka yonse?"

"Yonse. Denga, zipupa, zitseko."

"Ndiye ndi yanga imeneyo. Pamene ndimagulitsira ine ndi m'mbali mwenimweni mwa msewu. Ukamanga ya njerwa, m'mawa wina umapeza ajambulapo mtanda wofiira, akuti ugumule wekha. Ine ndikufuna nyumba yoti akandithamangitsa ndithawe nayo."

A Fyson anamuyang'anitsitsa Gibson. Kuyambira 1997 anthu ankaseka nyumba yawo, ndipo uyu anali munthu woyamba kuifuna chifukwa cha chimene anaigulira.

"Anthu akundiuza kuti ndiizungulize njerwa," anatero.

"Musayerekeze! Mukufuna kumanga mbuzi miyendo kenako muzidabwa kuti siikuyenda? Loweruka ndibwera ndi makaniko wanga. Tikagwirizana, inunso ndikutengani pa lole yomweyo mpaka pa Lizulu."

Loweruka m'mawa Gibson anafikadi. Lucky anali asanabwerere ku Balaka, ndipo anaima patali atapinda manja. A Fyson anapereka sipanala yawo kwa makaniko ngati akupereka mwana kwa abusa. Makanikoyo anakwera pampando, n'kuika sipanala pa bawuti lakumtunda pafupi ndi denga. Bawutilo linatembenuka mosavuta ngati lamangidwa dzulo. Anayesa lina pawindo, lina pachitseko. Onse anamvera.

"Bambo, inu mumasamala," anatero makaniko. "Magalimoto ena ndimakonza aja eni ake akanakhala ngati inu, ine ndikanafa ndi njala."

A Fyson anayang'ana Lucky, ndipo Lucky anayang'ana kumbali.

"Tsopano tione a m'munsi," anatero makaniko. "Chitsulo chimene chagwira zipupa zonsezi chili pansi, pamene chalumikizana ndi simenti. Chili kuti?"

"Kuseri kwa khondeli."

"Ndiye tikumbe pang'ono."

Makaniko anatambasula dzanja kuti alandire khasu, koma a Fyson anakana. Anakumba okha, pakona ya kum'mawa. Dothilo linali lolimba ngati njerwa, ndipo khasu linkadumpha. Atadula chigamphu chachikulu n'kuchikankhira pambali, anaima.

M'mbali mwa dzenjelo dothi linali mizeremizere, wina pamwamba pa unzake, ngati nsalu zopindidwa m'sitolo. Panali mizere yakuda ya dothi lakudambo, ina yotuwa yosakaniza ndi phulusa. A Fyson anagwada. Anapeza kuti akutha kuiwerenga. Mzere wopyapyala ngati chikhadabo unali wa 2002, chaka cha njala, pamene a Edna analibe mphamvu zosenza ndowa koma anazirabe. Pamwamba pake panali wofiira, wonenepa, wa 2003, pamene anakatenga dothi kutali kuphiri chifukwa cha ukwati wa Pauline. Wapamwamba penipeni, wa 2012, unali wokhotakhota, pena wonenepa pena wosowa. Chaka chimenecho a Edna ankazira pang'ono n'kupuma, atatsamira chipupa, akunena kuti ndi chizungulire chabe.

"Bambo, tipitirize?" anafunsa makaniko.

A Fyson anasuntha. Makaniko anafukula ndi manja mpaka anapeza chitsulo. Anachigogoda ndi sipanala, ndipo chinayoyoka ngati makoko a mtedza. Anagwira mutu wa bawuti ndi zala ziwiri n'kupotoza. Mutuwo unatsalira m'dzanja lake. Anaupereka kwa Gibson, Gibson n'kuupereka kwa a Fyson.

"Mwina ndi kona yokhayi," anatero Gibson. "Kuno kumagunda mvula."

Anakumba kuseri, anakumbanso pafupi ndi khomo. Konse kunali chimodzimodzi.

Makaniko anapukuta manja pa ovolosi. "Dothi limasunga chinyezi, bambo. Dzimbiri ladya chitsulo chonse cha m'munsi. Kunena zoona, panopa chimene chagwira nyumbayi ndi khondeli. Mukalichotsa, zipupa zikhala pansi. Mukazinyamula, kumene mukupitako sizikaima."

Nkhuku inabwera n'kuyamba kupalasa dothi lofukulidwalo.

Gibson anawakokera a Fyson pambali. "A Gama, pepani. Nyumba yathunthu sindingagule. Koma sindikufuna mupite kwathu chimanjamanja. Malata ndi abwino, mawindo, zitseko, ndi zitsulo zakumtunda tikhoza kudula ndi sowo. Zimenezo ndigula. Sizifika pamtengo wa nyumba, koma kanyumba kanu kaja mukhoza kuyamba nako."

"Pano patsala chiyani?"

Gibson anayang'ana nyumbayo. "Patsala khonde."

"Ndikuyankha tsiku lamsika."

Lole itangochoka, Lucky anathamangira khasu. "Tikwirire msanga, ababa, anthu asanaone. Mwaona tsopano? Njira ndi ya njerwa basi. Zikazungulira, dzimbiri limeneli aliona ndani? Aphunzitsi aja sabwera ndi makaniko."

"Ndiye ndigulitse munthu nyumba yoola miyendo, pamalo oti si anga?"

"Njerwazo ndiye zikhala miyendo yake! Kapena gulitsani malata kwa a Gibson. Koma chitanipo kanthu, ababa. Mukufuna mukafere m'khitchini ngati a Julius?"

Mawuwo atatuluka, Lucky mwiniwake anachita manyazi. Anaika khasu pansi n'kunena kuti akukaona malume ake.

A Fyson anakhala pambali pa dzenje la kum'mawa, mutu wa bawuti uli m'dzanja. Dzuwa linakwera mpaka paliwombo, koma sanasunthe. Pauline anabwera ndi madzi akumwa m'kapu, n'kugwada chapatali pang'ono.

"Nagama," anatero a Fyson osamuyang'ana, "iwe unkawathandiza mayi ako kusenza dothi. Ankadziwa chimene likuchita kunsi kuno?"

"Za dzimbiri sindikudziwa, ababa. Amayi sanali makaniko."

"Koma?"

Pauline anayang'ana mizere ija. "Chaka china, ndili mtsikana, munapita kumaliro kumtunda. Amayi anati tizire msanga musanabwere, ndipo tinakweza kwambiri mpaka mabawuti onse a m'munsi anabisika. Ine ndinati, amayi, ababa akabwera akalipa. Iwo anati, akalipe, bola azikalipira pompano."

A Fyson anamwa madzi aja pang'ono. Ena anatayikira pamalaya.

"Ankati nyumba iyi imawachititsa manyazi kuchitsime," anapitiriza Pauline. "Osati chifukwa cha zipupa. Ankati amayi anzawo amawafunsa kuti, kodi amuna anu sanamasulebe katundu? Mu Juni mukamadzoza mabawuti, iwo ankapita kudimba tsiku lonse."

"Sanandiuzepo."

"Anakuuzani, ababa. Chaka chilichonse, ndi ndowa." Pauline analandira kapu. Ataimirira anaonjeza motsitsa mawu, "Komanso inu khasu munali nalo zaka zonsezi."

Anapita. A Fyson anatsala ndi mawu amenewo. Zinali zoona. Munthu amene sankalola bawuti lakumtunda kuphonya oilo anatha zaka zoposa khumi osaona la m'munsi ngakhale limodzi. Ankakalipa, kenako dothi likauma ankatulutsa mpando n'kukhala pakhonde lomwelo, chifukwa panali pozizira kuposa malo ena onse pamudzipo, ndipo a Edna ankakhala pamphasa pambali pawo akusankha mpunga.

Lamulungu, anthu akuchokera kutchalitchi, a Fyson anatumiza uthenga kwa a Maynard ndi kwa a Chrispine, nkhoswe ya ukwati wawo, mkulu wa mpingo amene mawu ake sankabwezedwa pamudzipo. Anaitananso amayi awiri achibale a malemu. Onse anakhala pakhonde, maenje atatu aja ali poyera. Lucky ndi Pauline anakhala kumapeto.

"A Ngozo," anayamba a Fyson, "tsiku lija munanena pamaso pa ana awa kuti njerwa za mu uvuni wanu ndikatenge zaulere. Mawu aja akadalipo?"

"Alipo, alamu, alipo!" A Maynard anamwetulira n'kuyang'ana anthu onse. "Ine sindibweza mawu. A Chrispine ndi mboni."

"Ndamva," anatero a Chrispine.

"Ndiye ndazilandira, zikomo. Nyumbayi ivale njerwa, chifukwa miyendo yake yatha ndipo popanda njerwa siipirira madzinja ambiri." A Fyson anapuma pang'ono. "Koma siikugulitsidwa. Aphunzitsi sabwera, ndipo Gibson sadula chitsulo chilichonse. Nyumba iyi ndi ya Pauline. Malo ndi ake kale, pakuti ndi mbumba yanu, mwana wa mlongo wanu. Nyumba ndamupatsa ine, lero, pamaso panu nonse. Asamuke kuudzu kuja mvula isanagwe."

Kumwetulira kwa a Maynard kunatsala pankhope kopanda mwini. Anatsokomola, anavula chipewa, anachivalanso. "Alamu, nkhani ngati imeneyi imafunika kukambirana monga..."

"Banja lake ndi lomwe lino, achimwene," anatero mmodzi wa amayi aja. "Kapena pali wina amene sanafike?"

"Mwana wa Edna alowe m'nyumba ya Edna," anatero mnzake. "Chovuta n'chiyani?"

A Maynard anayang'ana a Chrispine, koma a Chrispine ankayang'ana mizere ya m'dzenje. "Palibe chovuta," anatero a Maynard pomaliza. "Koma ngolo yotutira njerwazo mupeze nokha."

Pauline anali ataphimba nkhope ndi chitenje. Lucky ndiye anaimirira.

"Nanga inu, ababa? Mukagona kuti?"

"Azakhali ako a Dailes ali ndi khitchini."

"Ababa!"

"Khala pansi, Lucky. Ndikaumba zidina pang'onopang'ono, manja ndikadali nawo. Chaka chino ndigona muutsi, chaka chamawa tidzaona. Iwe ngati ukufuna kundithandiza, utoto unkanena uja ubwere nawo kuno. Pamwamba kirimu, pansi bulauni. Mlongo wako asakulipire."

Masiku otsatira a Fyson anabwereka wilibala. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ankatuta njerwa kuchokera ku uvuni wa a Maynard n'kuzisanja pabwalo, ndipo anthu odutsa ankaima kuonerera mkamwini amene anakana njerwa moyo wake wonse akuzikankha yekha, atasudzulidwa kale. Mmisiri anabwera kudzaona, n'kunena kuti ntchito ayamba mvula ikadzatha. Mpaka nthawi imeneyo khonde lisakhudzidwe, ndipo maenje aja akwiriridwe msanga madzi asanalowemo.

Tsiku lamsika a Fyson anamuyankha Gibson. Gibson anapukusa mutu, koma anati malo pa lole alipobe. Sabata yotsatira, chakumasana, lole inaima pamthethe itadzaza matumba a mpunga. Makaniko anakweza njinga pamwamba, kenako chikwama cha zovala ndi bulangete lokulunga. A Fyson anazula chikwangwani chija n'kupatsa adzukulu awo kuti akasonkhere moto. Sipanala anaisiya pawindo.

Atabwerera kudzatsazika, anapeza Pauline atagwada pakona ya kum'mawa, ndowa yadothi lonyowa ili pambali. Maenje awiri anali atatseka kale. Ankatenga dothi ndi dzanja, n'kuliponya, n'kulisalaza ndi chikhatho mozungulira, monga ankachitira mayi ake. Kumadzulo mitambo inali itada, ndipo Gibson analiza hutala.

"Ndapita, Nagama."

"Muyende bwino, ababa. Pa Khirisimasi ndibwera ndi ana." Sanathe kuwagwira dzanja chifukwa cha matope, ndipo anangowerama.

A Fyson anayenda pang'ono, kenako anaima n'kucheuka. Anabwerera, nawerama atagwira bondo, n'kuloza ndi chala m'munsi mwa chipupa.

"Apo, pakona. Bawuti likuonekabe. Kwirira."